Njanji, doko, paipi kapena dzuwa: chigwa cha Shire chiyambe ndi chiti?

Chaka cha 2022 achimwene anga ankagona pa chigayo. Chigayo chawo n'cha magetsi, chili m'mbali mwa msewu pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Namondwe wa Ana atagumula damu lopangira magetsi la Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, magetsi ankabwera nthawi imene afunira okha, kawirikawiri pakati pa usiku. Amayi ankasiya matumba a mapira ndi chimanga atawalemba zizindikiro ndi khala, n'kubwerera kwawo. Babu la pakhonde likangoti ngwee, achimwene ankadzambatuka pamkeka, kugwedeza mnyamata wawo, n'kugaya mpaka magetsi athimenso. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Achimwene, bwanji osangogula injini ya dizilo?" Anaseka. "Dizilo wake uti, iwe? Pita ukaone mzere wa zigubu pomwetsera mafuta paja, ukabwere undiuze."

Magetsi ndi mafuta zinasowera limodzi, m'boma lomwe muli Kapichira weniweniyo, m'chigwa chomwe chili pafupi ndi doko la Beira kuposa dera lina lililonse la Malawi. Kapichira amatulutsa ma megawati pafupifupi 130, ndipo atazima dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a EGENCO, kampani ya boma yopanga magetsi, mpaka makina atabwerera m'chaka cha 2023. Kuyambira nthawi imeneyo, ndikamva za chitukuko chilichonse cha mafuta kapena magetsi chomwe akuti chibwera kuno, sindiyamba n'kufunsa kukula kwake. Ndimafunsa kuti madzi akadzasefukira chidzatsala, chizidya madola angati mwezi ndi mwezi, ndipo chikadzafa adzachikonze ndani. Njira zomwe zimatchulidwa ndi zambiri, zonse zokoma pozimva. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mafuta: njira zitatu zochokera ku Beira

Mafuta a Malawi amalowa kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Galimoto yonyamula mafuta ikanyamuka ku Beira imazungulira ku Tete, kulowa pa Mwanza, kufika ku Blantyre, kenaka mafuta omwewo n'kutsika mapiri kudzera pa Thabwa kuti akafike ku Nsanje. Nkhokwe za NOCMA, kampani ya boma ya mafuta, zosunga malita 60 miliyoni zonse pamodzi, zili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuno kulibe. Msewu wa M1 ukaduka, monga unachitira nthawi ya Ana, chigwa chonse chimatsala ndi mafuta omwe ali m'mathanki a pomwetsera basi.

Njira zitatu zomwe zimatchulidwa m'malo mwa msewu ndi doko la Nsanje, njanji ndi paipi. Doko la Nsanje ndilo limatikhudza mtima kwambiri, mwina chifukwa tinaona mwambo wake ndi maso athu. Mu Okutobala 2010 Bingu wa Mutharika analitsegula, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pompo, koma chombo chomwe chinkadikiridwa chinaimitsidwa ku Mozambique. Boma la kumeneko linati kafukufuku wa mtsinje ayambe wachitika. Ambiri amati zinali ndale chabe. Ndale zinalipo, inde, koma akuluakulu akale anali ataliyesa kale madzi amenewa. Sitima za nthunzi zinkafika ku Chiromo ngakhalenso ku Katunga, ndipo njanji ya Port Herald (Nsanje ya lero) mpaka ku Blantyre itatha mu 1908, posakhalitsa anaitalikitsa kukafika ku Chindio pa Zambezi chifukwa madzi a Shire anali ataphwa moti sitima zinkatitimira mumchenga. Mu 1935 anamanga mlatho wa Dona Ana n'kusiyiratu kudalira mtsinje. Mchenga womwewo ulipobe. Mvula iliyonse mitsinje ya Ruo ndi Mwanza imathira wina, namasupuni naye amatseka njira, ndipo ku Chinde komwe Zambezi amathirira m'nyanja si doko lozama loti sitima zikuluzikulu za mafuta n'kukocheza. Katundu angafunike kutsitsidwa n'kukwezedwanso, ndipo kukumba mchenga kungakhale ntchito ya chaka ndi chaka yolipira ndi ndalama zakunja. Komanso mnansi yemwe ali ndi madoko ake ndi njanji zake zomubweretsera ndalama sangathamangire kukutsegulira njira yozilambalala. Ine doko ndimaliika pambuyo, ngakhale ndikudziwa kuti malume anga ku Nsanje akamva zimenezi sandipatsa moni sabata yathunthu.

Njanji ndi nkhani ina. Inafa kawiri: koyamba ndi nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, kachiwiri mu 1997 pamene madzi anakokolola mbali ya pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo pomwe lero timawoloka pa bwato, pa Mtayamoyo. Anzathu a ku Mozambique anakonza mbali yawo, makilomita 44 kuchokera ku Mutarara kufika ku Vila Nova da Fronteira. Mbali yathu yoyamba ndi makilomita 72 a Marka mpaka Bangula, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka patatha zaka pafupifupi 40. Izi ndiye zosiyana ndi doko: sitima inabwera, anthu anaikhudza.

Masamu ake ndi osavuta. Galimoto imodzi imanyamula malita a pakati pa 30,000 ndi 40,000, ndiye kuti sitima ya malita miliyoni imodzi ikuchotsa pamsewu magalimoto pafupifupi 30, ndi matayala awo, ndi dizilo yemwe iwo eni amamwa pozungulira ku Tete. Pobwerera sitima sipita chimanjamanja. Ikhoza kutenga shuga wa ku Nchalo, thonje, nandolo, chitowe, ndipo ulendo wotsatira n'kubwera ndi feteleza kapena simenti. Pa njira zitatuzi, njanji yokha ndi yomwe mlimi wa ku Tengani kapena wogulitsa ng'ombe wa pa Ngabu angaigwiritse ntchito iye mwini.

Chofooka chake ndi madzi omwe anaipha aja. Kuchoka pa Bangula kupita ku Makhanga, Sankhulani mpaka ku Limbe ndiye povuta, chifukwa Shire ndi Ruo amakumana pamenepo ndipo Ruo sakhala pa njira imodzi: amene anali ku Makhanga mu 2015 akudziwa. Kumanga mtumbira wa dothi pamalo otero ndi kupatsa madzi chakudya. Pafunika mlatho wautali, wokwera, wosiyira madzi malo ambiri odutsa, ndipo ndi wodula. Koma ngakhale mlathowo usanamangidwe, njanji yofika pa Bangula ili ndi phindu ngati pamenepo pamangidwa nkhokwe ya mafuta pamalo okwera, yoti magalimoto azitengapo kupita kumtunda, ndipo chigwa chizikhala ndi mafuta ake msewu ukaduka. Popanda nkhokweyo, mafuta azingotidutsa monga amachitira magetsi a Kapichira.

Nanga paipi? Maganizo a paipi ya Beira mpaka ku Nsanje akhala akumveka kwa zaka zambiri, ndipo zitsanzo zilipo pafupi. Zimbabwe imalandira mafuta ake ambiri kudzera pa paipi ya Beira mpaka ku Feruka, kufupi ndi Mutare, yomwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Zambia ili ndi TAZAMA, makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, kuyambira 1968. Paipi ikadzaza, palibe njira ina yotsika mtengo kuposa iyo pa lita iliyonse, ndipo pokhala yokwiriridwa pansi, madzi osefukira saivutitsa kwenikweni kupatula powoloka mitsinje. Vuto ndi mawu akuti "ikadzaza". Dontho loyamba lisanatuluke kuno, paipi yonse iyenera kudzazidwa ndi mafuta ogulidwa ndi madola, ndipo ngongole yomangira imabwezedwa pokhapokha mafuta akuyenda ambiri tsiku ndi tsiku. Omwa mafuta ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, choncho paipi yothera ku Nsanje yangofika theka la ulendo. Kuti ikwere ku Blantyre iyenera kukankhidwa ndi mapampu mtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Ndipo kunena zoona, mizere ya mafuta ya 2011, ya 2022 ndi ya 2024 sinabwere chifukwa chosowa chonyamulira. Kunasowa ndalama zakunja zogulira. Paipi yopanda madola ndi chitsulo chokwiriridwa m'tchire.

Pa mfundo ya madolayi m'pamene chigwa chili ndi chake chomwe sitichitchula mokwanira. Pa Dyeratu pali fakitale ya PressCane, yomwe kuyambira 2004 imaphika ethanol kuchokera ku molasesi wa ku Nchalo, monga imachitira inzake ya ku Dwangwa kuyambira 1982. Ethanol ameneyo amasakanizidwa ndi petulo, ndipo lita iliyonse yomwe yalowa mmenemo ndi lita yomwe sitinaigule kunja. Malire ake ndi awa: sathandiza dizilo, amadalira kuchuluka kwa molasesi, madzi otsalira pophika amafuna kusamalidwa bwino kuti asavutitse midzi yoyandikana, ndipo nzimbe zikachuluka zimalimbirana malo ndi chakudya. Komabe fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za mafuta a pansi pa nthaka ndingodutsapo: dziko linagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo, koma chitsime chotulutsa mafuta palibe ndi chimodzi chomwe, choncho si chinthu chowerengera pokonza mapulani a zaka khumi zikubwerazi.

Gasi ndi njinga za makala

Anthu akamva kuti ku Mozambique kuli gasi wambiri amaganiza kuti n'pafupi. Gasi wa ku Pande ndi Temane ali ku Inhambane, ndipo kuyambira 2004 amapita ku Secunda ku South Africa pa paipi ya makilomita 865, chifukwa kumeneko kuli fakitale yaikulu yogula gasi wambiri. Wa ku Rovuma ali kumpoto kwenikweni, ku Cabo Delgado. Kumeneko fakitale yoyandama panyanja ya Coral Sul inayamba kutumiza gasi pa sitima za panyanja mu 2022, pomwe ntchito ya kampani ya TotalEnergies inaima mu 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma. Paipi ya gasi imatsata kasitomala wamkulu mmodzi, ndipo kuno tilibe wotero. Ngati gasi ameneyo adzatithandize, kwapafupi n'kumuwotcha komweko, monga pa siteshoni ya ma megawati 450 ya ku Temane, ife n'kulandira magetsi pa nthambo.

Gasi wa m'masilinda, wophikira, ndi chinthu china. Amene anakwerapo mapiri a Chikwawa m'bandakucha anawaona anyamata aja akukankha njinga, matumba a makala atatu kapena anayi atamangidwa ndi malamba a matayala, thukuta lili kamukamu, mwala uli m'manja woti atsekere tayala akafuna kupuma. Mitengo ndi yathu, mbaula zili ku Blantyre. Mapiri akayera, mvula imatsika ndi dothi lonse, kudzaza madamu ndi mitsinje, madzi n'kulowa m'midzi yathu. Ndiye silinda yomwe ingathandize chigwa kwambiri si ya m'khitchini ya ku Chikwawa ayi, koma ya ku Ndirande ndi ku Chilobwe. Nayenso gasiyu amagulidwa ndi madola, ndipo mnyamata wa njinga uja ayenera kupeza china chodyera, apo ayi angosintha msika.

Magetsi

Masiteshoni a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi, wa Shire. Nyanja ikatsika, monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017, onse amafooka limodzi, ndipo nthawi imeneyo dziko linafika pobwereka majenereta a dizilo. Mbiri imanenanso kuti kuyambira cha m'ma 1915 kufika cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja anasiya kutuluka kulowa mu Shire. Madzi akachuluka nawo amabwera ndi zinyalala ndi matope, makina n'kuzimitsidwa.

Mpatamanga, siteshoni yatsopano ya magetsi pakati pa Tedzani ndi Kapichira, ndi ntchito yaikulu kuposa zonse: ma megawati oposa 350, ndipo mu 2025 World Bank inavomereza madola 350 miliyoni oithandizira. Kusiyana kwake ndi enawo n'koti adzakhala ndi damu losunga madzi, kuti azitulutsa magetsi ambiri nthawi yomwe anthu amawafuna kwambiri, monga madzulo. Kwa ife a kumunsi, mbali yofunika si damu lalikululo koma laling'ono lachiwiri, lomwe ntchito yake ndi kusalaza madzi kuti mtsinje usamakwere ndi kutsika tsiku lililonse. Msodzi wa ku Elephant Marsh, mayi wa dimba m'mphepete mwa Shire, ndi ngalande yaikulu yothirira minda yoyambira pa Kapichira onse akudalira damu lachiwirilo. Pamisonkhano ya ntchitoyi mafumu athu azifunsa za limenelo. Mpatamanga ndi wofunika ku dziko, sindikana, koma ndi mtsinje womwewo, ndipo kumanga kwake n'kwa zaka zingapo.

Nthambo ya Mozambique imathetsa vuto la mtsinje umodzi. Ndi ya 400 kV, makilomita 218 kuchokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka, ndipo mgwirizano woyamba ndi wa ma megawati 50. Ntchito yake n'kutilumikiza ku msika wa magetsi wa mayiko a kumwera kwa Africa, moti tsiku lina tikhoza kugulitsanso athu. Koma bilu yake imabwera m'madola, ndipo chilala sichifunsa chiphaso pa malire: mu 2024 madzi atatsika ku Kariba, Zambia inkakhala mumdima maola ambiri pa tsiku, aliyense akusaka magetsi pa msika womwewo. Ndi chitetezo chabwino pa tsiku la tsoka ngati la Ana. Kuidalira ngati nsima ya tsiku ndi tsiku ndi kusamutsira mzere wa zigubu ku nthambo.

Apa ndionjezepo zomwe sizimveka pa wailesi. Magetsi achuluke bwanji ku Phombeya, kuti afike ku Nsanje amadutsa pa mapolo amitengo omwe amatsata msewu, ena ali m'madambo momwe madzi amafika chaka ndi chaka. Mapolo a konkire m'malo otero, thiransifoma zokwezedwa pamwamba, ndi nthambo yachiwiri yoti ina ikagwa magetsi adzere kwina, ndi ntchito zomwe palibe amene amazidulira riboni. Pa ndalama zochepa, izi zingasinthe moyo wa wowotcherera zitsulo wa pa Bangula msanga kuposa damu lililonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 ku Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje, ndipo ambiri mwa iwo nthambo zimangowadutsa pamutu.

Dzuwa ndiye tili nalo lochita kutopetsa. Ku Salima kuli munda wa sola wa ma megawati 60 womwe unayamba mu 2021, ndipo ku Golomoti kuli wa 20 wokhala ndi mabatire, wa 2022. Minda yotere imamangidwa msanga poyerekeza ndi damu, ndipo ikamangidwa sifuna mafuta. Kutentha kwa mu Okutobala, kopitirira madigiri 40 pa Ngabu, kumachepetsako mphamvu ya mapanelo, fumbi limafuna kupukutidwa, ndipo dzuwa likalowa umafunika batire lodula. Koma taonani ntchito zomwe zimadya magetsi kuno: kupopa madzi othirira, chigayo, kuwotcherera, mafiriji a nsomba, nyama ndi mankhwala. Pafupifupi zonse ndi za masana. Munda wa sola wapakatikati pamalo okwera kufupi ndi Bangula kapena Nsanje, kumapeto kwa nthambo komwe magetsi amafika atafooka, ungathandize pomwe pali bala penipeni. Ungapatsenso madamu mpata wosunga madzi masana kuti agwire ntchito usiku.

Sola ya m'midzi ndiyo ndimaikonda ndi kuiopa nthawi imodzi. Kwawo kwa mayi anga bungwe lina linaika pampu ya sola pa sikimu ya mpunga ndi chimanga. Chaka choyamba anthu anakolola kawiri, ndipo ana ankabwera kudzatchaja mafoni pa kanyumba ka pampuyo. Chaka chachitatu inverter, makina osintha magetsi a mapanelo kuti ayendetse pampu, inapsa. Bungwelo linali litatseka ntchito yake, komiti inali ndi ndalama zosakwana ngakhale ulendo wa ku Blantyre wokafunsa mtengo, ndipo mmisiri wodziwa makinawo panalibe m'boma lonse. Nditapitako ndinapeza mbuzi zitagona pamthunzi wa mapanelo, awiri atasowa kale. A gulupu anangoti, "Mwana wanga, anatipatsa ng'ombe koma sanatiphunzitse kukama." Sikimu yotere imakhala ndi moyo ngati alimi akusonkha kangachepe nyengo iliyonse kuyambira tsiku loyamba, ndalamazo zili ku banki osati m'thumba la msungichuma, ngati pali mnyamata wa m'deralo wophunzitsidwa kukonza, ndiponso ngati mapanelo ndi makina akwezedwa pamwamba kupitirira pomwe madzi a Freddy anafika mu Malichi 2023. Zitatuzi zikasowa, ndibwino ndalamazo zigule mapampu opondaponda.

Pali njira zina ziwiri zomwe sizitchedwa za magetsi koma ndi za magetsi ndithu. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370 ku Chikwawa ndi Nsanje, imatenga madzi pa Kapichira n'kuwayendetsa okha motsetsereka. Minda yomwe lero imapopa madzi mu Shire ndi mapampu a magetsi ikadzayamba kumwa m'ngalandeyo, magetsi onse amenewo adzamasukira ena. Chiopsezo n'choti nayo inamangirira mbuzi yake pa chikhomo cha Kapichira, ndipo Ana anawononganso polowera madzi ake. Inayo ndi zotsalira za nzimbe zofinyidwa kale. Fakitale ya ku Nchalo imaziwotcha kuti ipeze nthunzi ndi magetsi ake. Ndi ma boiler amphamvu opangira nthunzi, fakitale za shuga za ku Mauritius zimagulitsa magetsi ochuluka ku dziko lawo. Nyengo yogaya nzimbe ndi ya chilimwe, nthawi yomweyo yomwe mtsinje umatsika.

Ndikanakhala pa mpando wogawa ndalama, zoyamba zikanapita ku mapolo ndi thiransifoma, limodzi ndi kumaliza njanji mpaka pa Bangula ndi nkhokwe yake ya mafuta. Kenaka sola pamalo okwera ndi magetsi a nzimbe, chifukwa sizidikira madola mwezi ndi mwezi ndipo sizimwa mu Shire. Mpatamanga ndi nthambo ya Mozambique ndi za dziko lonse, zili ndi eni ake ozikankha, ife chathu n'kulondera damu lachiwiri lija. Mlatho wa pa Mtayamoyo ubwere ndalama zikapezeka zomangira wokwera, osati wongotsekera maso. Paipi idikire mpaka sitima zitayamba kulephera kunyamula mafuta onse omwe dziko likutha kugula.

Achimwene injini ya dizilo sanagule. Madzi a Freddy ataphwa anaumba chiunda cha konkire chofika m'chiuno, n'kukwezapo mota ndi bokosi la mita, kupitirira pang'ono mzere wa matope womwe ukuonekabe pakhoma. Mwezi watha anandituma kuti ndikawafunsire ku Limbe mtengo wa mapanelo okwana kuyendetsa chigayocho masana. Nditawauza pa foni, anakhala chete kanthawi, kenaka anati ndifunsenso ngati amalola kulipira pang'onopang'ono thonje likagulitsidwa.